Manja Ochokera ku Doha

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinasenza simenti ku Doha.
Ndabwerera kuno ku Myagdi ndi wailesi, theka la ngongole,
ndi zikhatho zosamvanso kanthu.
Ndikafumbata kapu ya tiyi wowira, Harikala amakuwa,
ine kumangomuyang'ana.

M'mawa wachitatu Pabitra anandigwedeza phazi:
Bambo, tiyeni ku sisnu.
Ndilo dzina la khwisa kwathu kuno.
Mwana ndinamusiya akukwawa, lero ndiye mwini njira,
dengu kumsana, lamba wake pamphumi,
mbaniro yansungwi m'dzanja ngati mlomo wa kakowa.

Tinapitirira wa m'mbali mwa msewu.
Uyo ayi, amamwa utsi wa mabasi a ku Beni.
Tinapitirira wonenepa wa kuseri kwa chimbudzi cha sukulu.
Uyonso ayi. Sanafotokoze, anangotsina mphuno.
Tinakwera mpaka pothera minda yamasitepe,
pa khoma lamiyala logumuka
pomwe a Dilbahadur ankamangirira njati zawo zamkaka.

Nsonga yokha, bambo, masamba anayi apamwamba.
Wamaluwayo musiyeni, wakalamba, amakala pakhosi.
Ndipo ichi,
analoza ndi mbaniro osachikhudza,
chomera cha masamba ong'ambika ngati phazi la khwangwala,
inu simuchidziwa, inenso sindichidziwa.
Chopanda dzina sichilowa m'dengu.
Mbuzi ya a Mankumari inalawa chotere chaka chatha,
dzuwa linalowa iyo kulibe.

Mbaniro ija ndinaiseka.
Ndili mwana, aphunzitsi ankaviika khwisa m'madzi
n'kutikwapula naye m'miyendo tikalakwa samu,
ndinkamuopa kuposa kambuku.
Koma manja awa anagwira zitsulo zophikidwa ndi dzuwa la m'chipululu.
Ndinapisa dzanja m'chitsamba, thyo, thyo, thyo.
Zii.
Ngati ndikung'amba nyuzipepala yakale.
Pabitra anandiyang'ana monga amayang'anira alendo
ofunsa njira ya ku Dhaulagiri.

Kenaka mkono wa malaya unakwera wokha
ndipo tsamba limodzi linapeza pomwe wotchi inkabisa khungu,
poyera, pofewa, pomwe Doha sanafikepo.
Mayo ine!
Linthumbu zana pamalo a ndalama imodzi yachitsulo.
Timatuza tinatumphuka ndikuona.
Ndinakhala pamwala, mphuno ikuchucha.
Mwana anathamangira masamba owawa a titepati,
anawafikisa m'manja, nandipaka madzi ake.
Musakande, bambo, mukakanda amalowerera.
Iye ankayesa ndikulira ululu.
Ndinamusiya aganize choncho.

Madzulo Harikala anakhuthulira dengu lonse m'madzi owira.
Ukali unathera momwemo,
monga anathera mawu a kapitawo ndege itanyamuka.
Anatikita ndi chipande mpaka kusalala,
kaufa kachimanga, adyo, mchere,
ndi timur uja wochititsa lilime dzanzi.
Msuzi wobiriwira ngati dziwe la pansi pa mlatho wazingwe.
Ndinamwa mbale ziwiri, yachitatu ndinachita manyazi.
Harikala sanandifunse za kumeneko, inenso sindinayambe.
Tinkangomva masipuni.

Usiku pamkono pankanyerenyetsabe.
Ndinkapasisita ndi chala changa chakufa,
chala sichimva, koma mkono ukumva chala.
Pansi pa pilo pali kalata ya ejenti wa ku Kathmandu,
ikufuna yankho pofika Lachisanu.
Mvula inayamba pa malata, kenaka inaleka.
Galu wa kutsidya anauwa kawiri.
Pabitra analankhula mumdima,
kaya m'tulo kaya ali maso:
Pomwe tathyola paja paphukanso pakatha milungu iwiri.
Wachiwiriyo ndiye wokoma.
Mudzakhalapo?

Sindinayankhe.
Ngongole siwira m'madzi n'kusiya kuluma.

Kutacha ndinanola chikwanje,
ndinatsikira kumtsinje komwe nsungwi zimakhwima,
ndikuyeza ndi maso
kutalika kwa mbaniro ya munthu wamkulu.